Miyendo ya Merv Fuller

Merv Fuller wa ku Longford anabadwa ndi miyendo yosamva. Kusukulu inkagwedeza desiki, kutchalitchi benchi. Zaka makumi anayi anameta nkhosa m'mafamu a pachilumba chino cha Tasmania, osakhalitsa pa famu imodzi. Atapuma ntchito, mkazi wake Noeleen ankayesa kuti tsopano mwamuna akhala pansi. Akhale pansi ndani?

Anayamba kusaka kumene dzina lake linachokera. Ku chionetsero cha zaulimi anagula chithunzi cha chishango ndi chisoti chankhondo, pansi pake atalembapo Fuller. Wogulitsayo anali nacho cha dzina lililonse, koma zimenezo Merv sanazione. Anachikhoma pabalaza, n'kukalengeza kubala kuti pa ukwati wa mdzukulu wake Bronwyn adzauza akuchimuna kuti akutenga magazi achifumu a ku Mangalande.

"Mfumu yanji yonunkha nkhosa?" anatero Col Dabner, mnzake amene ankameta naye.

Kutatsala masiku atatu kuti ukwati uchitike, Merv anapita kulaibulale kukafunsa dzina la nyumba yachifumu ya makolo ake. Mayi wa pamenepo anatsegula buku la mayina.

"Pepani bambo Fuller, zachifumu mulibemo. Dzinali ndi la ntchito. Makolo anu ankatsuka nsalu zaubweya kuti zilimbe."

"Ankatsuka bwanji?"

"Ndi mapazi. Ankazipondaponda mumgolo tsiku lonse."

"M'madzi?"

Mayiyo anakonza magalasi. "Mumkodzo wogonetsa."

Masiku atatuwo Merv anazungulira nyumba ngati nkhuku yofuna kuikira. Chithunzi anachichotsa, anachibwezera, anachichotsanso. Anamize akuchimuna pamaso pa mdzukulu wake, kapena anene zoona Col amuseke mpaka kumanda?

Mu holo ya ukwati, nthawi yake yolankhula itakwana, bondo linali litagwedeza kale tebulo mpaka matambula kulira. Anaimirira.

"Ndinalonjeza mafumu. Kulibe. Ife a Fuller tinayamba ndi kuponda ubweya mumkodzo, ndipo ine ndakalambira pa ubweya womwewo." Analoza mkwati. "Iwe, watenga mkazi wa kubanja losanyansidwa ndi ntchito. Usamale."

Col anatsamwa ndi mowa. Mayi a mkwati anayang'ana m'mbale. Koma Bronwyn anaseka mpaka kupukuta misozi ndi velo.

"Agogo, ndimati ndisinthe dzina," anatero. "Basi, ndilisunga."

Noeleen anakoka jekete la mwamuna wake. "Zaka zonsezi ndimayesa ndi matenda, kani ukupondabe nsalu za makolo ako. Khala pansi, Merv."

Anakhala. Bondo silinaleke.

Chithunzi chija pano chikutseka bowo kukhola la nkhuku, ndipo Merv wayamba kufufuza dzina la kwawo kwa Noeleen. Noeleen wabisa makiyi a galimoto.