Penti Wofiira wa Alamu Anga

Amuna awo a achemwali anga anthu ankangowaitana kuti a Bulashi, chifukwa ntchito yawo inali yolemba zikwangwani. Mumsewu wotsika kuchokera pageti la fakitale ya mabulangete, kumene ine ndinkagwira ntchito, munalibe sitolo imene dzanja lawo silinaikhudze.

Msewuwo unali waufupi koma wothithikana. Kumtunda kunali atelala awiri oyang'anizana, osapatsana moni. Kutsika pang'ono kunali mkulu wokonza mawotchi, kenako wosula zidebe amene nyundo yake inkayamba kulira belu la kufakitale lisanalire. Kunali butchala, wosoka nsapato, mayi wogulitsa ulusi ndi mabatani, ndipo kumunsi kwenikweni kunali a Lumo, ometa tsitsi. Ife tikaweruka, thonje lili mbuu m'mutu, tinkakhamukira mumsewumo, aliyense n'kupatukira pakhomo limene akufuna.

Kachipinda ka alamu kanali kogundizana khoma ndi ka a Lumo. Munkanunkha palafini wotsukira mabulashi, ndipo munthu ukalowa unkayenera kuyenda chammbali kuopa kutuluka ndi diresi la mawangamawanga. Awiriwa ankamwera tiyi m'kapu imodzi, wina akamaliza n'kupatsira mnzake pawindo.

Zilembo alamu ankazitha, koma zithunzi ayi. Ng'ombe imene anajambulira butchala inatuluka ngati galu wotupa mimba.

"Alamu, ng'ombe yanuyi imaluma?" ndinawafunsa tsiku lina ali pamwamba pa makwerero.

"Imaluma akazi osakwatiwa. Dutsani patali, mlamu."

Mitu imene anajambula pakhoma la a Lumo, yosonyeza kametedwe kosiyanasiyana, yonse inali ndi makutu akuluakulu a mwini malowo. A Lumo ankati adzawasumira, koma sanalole kuti munthu aifufute.

Zinthu zinayamba kufa pang'onopang'ono. Fakitale inatseka mbali imodzi, kenako inatsekeratu, ife n'kutiuza kuti tidikire kunyumba. Mpaka lero tikudikira. Zovala za kaunjika zinadya atelala, zidebe zapulasitiki zinatontholetsa nyundo, ndipo anthu anayamba kuonera nthawi pafoni. Komabe m'mawa uliwonse eni masitolo ankatsegula, kusesa pakhomo, n'kukhala pansi kumayang'ana msewu.

Kenako kunamveka kuti malo onsewo agulidwa ndi kampani ina yofuna kumanga nyumba zosungiramo katundu. Sipanapite nthawi, galimoto yoyera inaima pakhomo pa alamu. Munatuluka bwana wina wa nsapato zonyezimira, n'kunena kuti akufuna munthu woika mtanda wofiira pa nyumba iliyonse yoti igwetsedwe. Anawalonjeza malo mumsika watsopano, komanso kuti zikwangwani zonse za kampaniyo adzalemba ndi iwo.

Ndinalipo pamene ankawauza achemwali. Nthawi imeneyo kunyumba kwawo kunali kouma, ana awiri atabwezedwa kusukulu.

"Abambo, mukalembe pazitseko za anzanu?" anafunsa achemwali.

"Ndikakana ine, alemba wina. Nyumbazo zigwabe."

"Ndiye musiyeni winayo alembe."

"Winayo ndiye adzatengenso malo mumsika. Inu mudzadya ulemu?"

Achemwali anangonyamula mbale n'kutuluka panja.

Anayamba kumtunda, m'mawa dzuwa lili gaa, anthu onse akuona. Chimene chinawawa anthu kwambiri n'chakuti alamu sankatha kulemba mwachisawawa. Munthu wina akanangopaka mofulumira n'kuthawa. Iwo ankayeza ndi chingwe, n'kumapukuta penti akadontha. Mitandayo inali yowongoka, yokongola ndithu. Mayi wa mabatani anawathira madzi otsukira mbale. Telala mmodzi anawatukwana mpaka mawu kusasa, winayo anangotseka chitseko. Wokonza mawotchi anawagwirira makwerero, poganiza kuti abwera kudzakonza chikwangwani chake, chifukwa maso anali atayamba kale kumuvuta.

Atafika kumunsi, a Lumo anatuluka, n'kusiya munthu pampando atametedwa mbali imodzi.

"Ndi panonso, achimwene?"

"Ndangotumidwa," anatero alamu, maso ali m'chitini.

"Lembani. Mulembe bwino, aliyense adziwe kuti ndi dzanja lanu."

Analemba, mtandawo n'kudutsa pa mitu ya makutu ija. Pomaliza anaika wina pachitseko chawo chomwe, koma zimenezo palibe anaziwerengera.

Zigalimoto zogumula zitabwera, msewu wonse unatha ngati masewera. Telala mmodzi anabwerera kumudzi, mashini ali pamutu. Wokonza mawotchi sanakhalitse, anamwalira kwa mwana wake. Wosula zidebe analembedwa ulonda pa mpanda womwewo umene unamangidwa pamene panali sitolo yake. Za mayi wa mabatani sindikudziwa.

Alamu anayamba kuyendera malo amumsika amene anawalonjeza aja. Ankavala jekete, kupita ku ofesi ya kampani ija, kukhala pabenchi mpaka madzulo. Lero bwana ali pamsonkhano, mawa bwana apita kumaliro. Tsiku lina mtsikana wa pakhomo anawauza kuti bwanayo anasamutsidwa kalekale, ndipo amene analowa m'malo mwake sakudziwa za lonjezo lililonse. Malo amumsika anagawana anthu amene sitinawaonepo mumsewu uja. Zikwangwani za kampani zinabwera pa lole, zosindikizidwa kale ndi makina pa nsalu ya pulasitiki.

Dzina la Bulashi linathera pomwepo. Anayamba kutchedwa a Mtanda, ndipo ana ankawakuwiza akamadutsa. Amene anagula malowo palibe anawaonapo nkhope, amene anasaina mapepala palibe ankawadziwa. Mkwiyo wonse unagwera munthu amene anaoneka atanyamula chitini. Sindikunena kuti analibe mlandu. Anali nawo, ndipo ankadziwa. Koma anausenza okha, pamene odya zonona ankadutsa pagalimoto magalasi atakweza.

Anakhala zaka akulemba manambala pa ngolo za anthu onyamula katundu, mpaka chifuwa chinawagwetsa. Adokotala anati ndi fungo la penti la zaka zonse zija. Manja anayamba kunjenjemera moti sankatha kudzimeta, ndevu zinamera ngati tchire. Achemwali atayesa ndi lezala anawacheka pachibwano.

"Pita ukawapemphe a Lumo," anandiuza. "Ine nkhope yopitira kumeneko ndilibe."

Ndinawapeza pansi pa mtengo kuseri kwa depoti ya mabasi, galasi losweka atalikhomera pathunthu. Anandimvetsera osasiya kunola lumo pa lamba. Kenako anatembenukira kwa munthu amene ankadikira kumetedwa, ndipo ine ndinabwerera ndikuganiza kuti akana.

Mawa lake masana anatulukira, kachikwama kali m'khwapa. Tinawakhazika alamu pampando pakhonde, titawatsamiritsa pilo. A Lumo anawakulunga nsalu m'khosi, n'kupaka sopo.

"Achimwene," anayamba alamu.

"Kwezani chibwano."

Anakweza. Lumo linayenda pakhosi pang'onopang'ono, mosamala, osasiya ndi kabala komwe. Alamu anayesanso kulankhula, misozi ikutsikira mu thovu la sopo.

"Musagwedezeke, ndingakuchekeni," anatero a Lumo.

Atamaliza anapukuta lumo, kupinda nsalu, n'kukana tiyi amene achemwali anawapatsa. Tinawaperekeza mpaka pampanda. Pamenepo anatembenuka n'kuyang'ana achemwali.

"Mayi, ndabwera chifukwa cha inu. Musadzanditumizirenso munthu."

Titabwerera pakhonde tinapeza alamu akudzisisita masaya osalalawo.

"Anena chiyani?" anafunsa.

"Akuti muchire," anayankha achemwali, n'kuyamba kusesa ndevu zimene zinagwera pansi.

Alamu anamwalira mvula itangoyamba chaka chomwecho. Pamaliro panabwera abale, anthu a kutchalitchi ndi anyamata a ngolo. Wa mumsewu uja anabwera mmodzi yekha, wosula zidebe, ndipo anachoka mwambo usanathe chifukwa nthawi yolowa ntchito inali itakwana.