Nsomba Imene Bambo Anga Anapatsa Mlonda

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinatsala pang'ono kubwezetsa banja lathu lonse ku Malawi. Tinali titakhala ku Rotherham, tauni ya m'dziko la eni Chingerezi, zaka ziwiri. Amayi anali namwino m'chipatala cha boma, ndipo ine ndi bambo anga tinkakhala m'dzikomo chifukwa cha mapepala awo. Chaka chimenecho mapepalawo ankayenera kukonzedwanso, choncho m'nyumba munali nyimbo imodzi: aliyense atalikirane ndi apolisi, ngakhale pa nkhani ya tikiti ya basi, chifukwa dzina la mmodzi likangolowa m'buku mwawo, tonse tilongedza.

Bambo anali msodzi wa m'mbali mwa Shire. Sukulu analekezera Sitandade 5, ndipo Chingerezi chawo chinali chongokwanira kunyamulira makatoni kuntchito. Makalata, zikwangwani ndi mapepala a mankhwala ndinkawawerengera ndine. Ntchito imeneyi ndinkaitenga ngati mpando, ndipo ndivomere kuti ndinali kamtsikana kodzimva.

Usodzi sanausiye mwa kufuna kwawo. Chigawo cha mtsinje chimene ankawedzako iwo, bambo awo ndi agogo awo chinadzalowa m'malire a nkhalango yosungirako nyama. Alonda ankalanda maukonde n'kuwatentha, ndipo bwato lawo analiswa ndi nkhwangwa iwo akuona. Nthawi ya kampeni andale ankalonjeza kuti madziwo abwerera kwa eni ake, koma akangopambana, asodzi omwewo ankasanduka mbava zotha nsomba za dziko. Bambo ankaikamba nkhaniyi mosakweza mawu. Ankangoti, "Madzi aja ndi athu. Ife tinayamba, pepala linatipeza."

Ndiye atamva kuti chakumapeto kwa tauni kuli dziwe lansomba, pamalo pamene kale panali mgodi wa malasha, ananena kuti ulendo uno sakangananso ndi pepala. Anagula laisensi ya boma yowedzera. Anagulanso tikiti ya kalabu ya eni dziwelo. Zonse ziwiri anazikulunga m'kapulasitiki n'kuziika m'thumba la pachifuwa.

Pageti la dziwelo panali chikwangwani chobiriwira cha malamulo.

"Takondwa, akuti chiyani pamenepo?" anandifunsa.

Ndinawerenga za agalu, za zinyalala, za kusakoleza moto ndi za nthawi yotseka geti. Lamulo lachitatu linkati nsomba iliyonse yogwidwa ibwezedwe m'madzi yamoyo, ndipo wotuluka nayo ndi wakuba, adzaperekedwa kupolisi. Limeneli ndinalilumpha.

Ndayesa kwa zaka zambiri kudzipezera chifukwa chokongola. Zoona zake n'zakuti m'mawa umenewo bambo ankaimba likhweru m'basi, chinthu chimene anali asanachitepo chifikireni kuno, ndipo sindinafune kuti ndikhale ine wowatseka pakamwa. Komanso, kunena mosabisa, nsomba yowotcha ndinkaifuna.

Nsomba za m'dziwemo zinali zonenepa, zaulesi, zosadziwa msodzi weniweni. Bambo ankangoyang'ana madzi, kuona pamene pakutuluka thovu, n'kuponya. Azungu otizungulira anali ndi mipando, maambulera ndi mabokosi a nyambo zamitundumitundu, koma ankatha m'mawa wonse osagwira kanthu. Wina akagwira ankaipima pasikelo, kuijambula, kenako n'kuibweza m'madzi mosamala ngati akugoneka khanda. Bambo ankapukusa mutu. "Anthu awa minga ndi imene imawaopsa," ankatero. "Kungoivutitsa nsomba basi." Zathu tinkaika m'thumba lakale la mpunga limodzi ndi udzu wonyowa, osati pobisa, koma kuti zisaume ndi dzuwa.

Tinapita Loweruka kanayi. Tikafika kunyumba bambo ankakhala kuseri, pafupi ndi mabini a zinyalala, kupala mamba ndi mpeni, manja akuthamanga ngati a mnyamata. Anamwino anzawo a amayi anayamba kutulukira Lamlungu masana, aliyense ndi kakontena kake m'chikwama. M'nyumba imene chilichonse chinkabwera ndi malipiro a amayi, tsopano munali chinthu chobwera ndi bambo. Amayi anafunsapo kamodzi kuti, "Bambo a Takondwa, zimenezi n'zololedwa?" Bambo anadzigunda pathumba la pachifuwa paja. Ine ndinapitiriza kutafuna.

Ulendo wachisanu kunabwera mlonda wa kalabu, mdala wamtali wotsimphina dzina lake Ken. Anayenda kuzungulira dziwe akuona mapepala a aliyense. Bambo anatulutsa awo asanafunsidwe n'komwe. A Ken anawaona, anagwedeza mutu, anatifunira tsiku labwino, n'kumapita. Thumba lija linali pamthunzi kumbuyo kwathu, ndipo sanalione.

Kwathu kuli mwambo. Munthu akakupeza padooko utagwira, sachoka chimanjamanja. Umam'patsa ya ndiwo, kaya ukumudziwa kaya ayi, ndipo akakhala wamkulu umasankha yabwino.

"Aitane bambo aja," anatero bambo.

"Ababa, asiyeni, ali pantchito."

"Iwe, munthu wamkulu chonchija achoke opanda ndiwo? Ukufuna atiyese anthu otani?"

Anawaitana okha. Anamasula thumba, anasankha yaikulu pa zitatu zimene zinalimo, n'kuipereka ndi manja awiri atawerama pang'ono.

Nkhope ya a Ken inafiira mpaka m'makutu. Analanda nsombayo, anagwada m'matope ndi bondo lawo lovutalo, n'kuigwira m'madzi akuiyendetsa pang'onopang'ono. Inali ikupumabe. Patapita nthawi inagwedeza mchira n'kumira. Ziwiri zinazo zinali zitafa kale. A Ken anadzuka, anatulutsa foni, ndipo ndinamva mawu oti polisi. Analoza kugeti n'kufunsa ngati sitidziwa kuwerenga.

Tinapita pachikwangwani tonse atatu. "Werenga," anatero bambo. Ndinawerenga lamulo lachitatu lija m'Chichewa, mawu onse.

"Analiwonjezera liti limeneli?"

"Linalipo kale, ababa."

"Unaliona tsiku lija?"

"Eya."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anayang'ana madzi. Ndinachita mantha kuposa mmene ndikanachitira akanandikalipira. Ndinatembenukira kwa a Ken n'kuwauza m'Chingerezi, ndikulira, kuti bambo sawerenga, wowerenga ndine, ndipo lamulolo ndinalidumpha dala.

A Ken anabweza foni m'thumba, koma mkwiyo unali usanathe. Anayankhula nthawi yaitali, ndipo ine ndinamasulira. Anati mgodi utatsekedwa, amuna a m'deralo anatsala opanda ntchito, iwo mmodzi mwa iwo. Dzenjelo linali lodzaza matayala ndi madzi akuda. Analiyeretsa okha, anagula tiana ta nsomba n'kutilera, ndipo zina mwa nsombazo zinali ndi zaka zambiri kuposa ine. Anati boma silinawathandize, makhansala amangobwera kudzajambulitsa nthawi ya zisankho. "Madzi awa ndi athu," anatero. "Bambo anga anafera pansi pa nthaka yomweyi. Ndiye munthu angochokera kumene wachokera n'kudzatola?"

Mawu amenewa ndinawanena m'Chichewa ndi pakamwa panga, kwa munthu amene ndinakula ndikumumva akuwanena. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Uwauze kuti ndamva. Uwauzenso kuti pepani."

A Ken anatenga tikiti ija n'kulemba adiresi yathu. Anati nkhaniyo ikakambidwa ndi komiti ya kalabu, ndipo komitiyo ndi imene idzasankhe zopita kupolisi kapena ayi.

Tinadikira masabata awiri. Amayi atamva anangokhala pansi pamasitepe, yunifolomu ili m'thupi, n'kunena kuti, "Zaka zonsezi ndikupukuta anthu, tikathamangitsidwe chifukwa cha nsomba?" Anamwino aja anasiya kutulukira. Masiku amenewo m'tauni munali kale phokoso lakuti alendo akutha nsomba m'maiwe ndi m'ngalande, ndipo ena ofuna mipando ankalikolezera. Ife tinagwera m'katikati mwa mkangano umene sitinkaudziwa n'komwe.

Komiti inakumana Lamlungu masana m'chipinda cha pamwamba pa bala. Munkanunkha mowa wa dzulo ndi kapeti yonyowa. Tinakhala kutsogolo atatu ngati ana a sukulu. Bambo wina wonenepa anati akatisiya ife, mawa kubwera khumi, choncho pakufunika chitsanzo. Angapo anavomereza. Wina anati laisensi ndi ya boma koma nsomba ndi za kalabu, ndipo kusadziwa si chifukwa.

A Ken anayankhula pomaliza, osaimirira. Anati akhala mlonda zaka zambiri ndipo akuba nsomba amawadziwa: amabwera kulibe anthu, akakuona amathawa. Anati sanaonepo wakuba amene amaitana mlonda atadutsa kale, n'kumupatsa katunduyo ndi manja awiri. Ena anaseka. Kenako a komiti anavota pokweza manja, ndipo ofuna polisi anachepa pang'ono chabe. Chigamulo chinali chakuti bambo asadzapondenso padziwelo moyo wawo wonse. Mapepala athu anatuluka miyezi ingapo pambuyo pake, ndipo tili kuno mpaka lero.

Za amene anali wolondola pa nkhani ya madzi, ndinasiya kufuna yankho limodzi. Ndamvapo mikangano yotereyi ya m'maiko ena, eni nthaka mbali ino, alonda ndi malamulo mbali inayo, ndipo nthawi zonse ndimapeza kuti ndikuwamvetsa onse, zomwe sizithandiza aliyense. Bambo ku Shire anali mwini wothamangitsidwa, ku Rotherham anali mlendo wodzatola, koma munthuyo anali yemweyo, ndi mbedza yomweyo. Iwo sanadandaulepo za chigamulocho. Ankati a Ken ndi msodzi, ngakhale sadya zimene agwira.

Chilango changa ndinachidikira nthawi yaitali. Sanandimenye, sanandikalipire, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso. Patapita mwezi analembetsa sukulu ya Chingerezi ya akuluakulu kulaibulale, kumene ankapita akaweruka. Kuyambira pamenepo kalata ikabwera ankaitenga n'kukakhala nayo pawindo okha. Poyamba ndinkasangalala kuti ntchito yandichepera. Ndinazindikira mochedwa kuti ndachotsedwa ntchito.

Ndinkaganiza kuti ndikuwasungira chimwemwe chawo. Chimene ndinachita n'kuwasankhira zoti adziwe ndi zoti asadziwe, munthu wamkulu amene akanatha kumva lamulolo n'kudzisankhira yekha chochita. Anali atandibwereka maso awo, ine n'kuwatsinzinitsa pamene ndinafuna.

Tsopano akalamba, ndipo makalata ambiri amene amabwera ndi a kuchipatala, a mawu ovuta ngakhale kwa ine. Mwezi wathawu ndinawapeza ali ndi ina ya masamba awiri, akuyendetsa chala pansi pa mzere uliwonse, milomo ikugwedera. Ndinakhala pambali pawo. Ndikanaiwerenga m'mphindi ziwiri. Ndinatambasula dzanja, iwo anamwetulira mwaulemu n'kuisendeza pang'ono kumbali kwawo.

"Ndimaliza, mwanawe," anatero. "Ukhale pompo, ndikuuza zimene akunena."