Madeya pa Maliro a Mana Filomena

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kumeneko tingakutche kudzuka, poti ndinangotsinzina nditatsamira chipupa. Amayi a kwaya anali atatopa, nyimbo ikungomveka ngati njuchi. Achemwali anga, mana Filomena, anali m'bokosi pabalaza, titabwera nawo dzulo lake kuchokera ku Cuamba. Panja panali nkhungu yoti mnzako sumuona ali pakhonde, ndipo utsi wa moto wa azibambo sunkakwera m'mwamba. Unkangokwawa pansi n'kumalowa m'nyumba.

Anthu ankawadziwa mana pa televizawu, akuphika zakudya zoti mmphawi angazikwanitse. Ine ndinawadziwa tili ana amasiye, titathawira nkhondo kutsidya kwa malire, kwa azakhali amene ankatipatsa madeya otsala ku nkhumba. Mana ndi amene anatulukira zowakazinga kaye kuti fungo lichoke, ndi zothira m'chigwada mitu ya usipa yotola pamsika. Zonse ankaphunzitsa anthu zija zinayambira pamenepo. Ali m'chipatala anandigwira dzanja n'kundilumbiritsa kuti pamaliro awo anthu adzadye zomwezo basi. Ndinavomera poganiza kuti achira.

Kutacha ndinauza amayi ophika za lumbirolo, ndipo anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Anzawo a ku televizawu anali atabweretsa matumba a mpunga ndi nkhuku zodzaza dengu. Mayi wina wamagalasi akuda anandiuza kuti ndikuchititsa manyazi malemu. Ine mtima suchedwa kundipsa. Ndinamuuza kuti avule magalasiwo aone kumene wafika, kenako ndinatsekera mpungawo kuchipinda, kiyi n'kumanga pa kapulana, chitenje chimene ndinavala.

Komatu amene ndinkawaopa sanali amtauniwo ayi. Kwathu kuno ku Ngauma adzukulu, okumba manda aja, akanyozedwa pa chakudya amasiya makasu n'kumapita, maliro n'kugonanso pabwalo. Ndinkadziwa kuti ndikasunga lumbiro langa, mana atha kusaikidwa tsikulo.

Anthu anayamba kufika, ena pa shapa, timinibasi takwathu tija, ena pa njinga kuchokera ku Mandimba, ena wapansi kuchokera ku Itepela. Ankatulukira m'nkhungu mmodzimmodzi, osamveka mapazi. Nkhuku za m'dengu zija sizinalire tsiku lonse. Ndikukazinga madeya, ndinamva mawu a mana kumbuyo kwanga, bwinobwino ngati aima pamenepo.

"Musataye chimenecho, n'chakudya."

Chipande chinandipulumuka. Amayi onse anaima chilili. Pambuyo pake anati ndi mlendo wina amene ankaonera pulogalamu yakale ya mana pa telefoni. Mwina zinalidi choncho, koma ine mlendoyo sindinamuone, ndipo thupi linandizizira mpaka madzulo.

Chakudya cha adzukulu ndinasenza ndekha mpaka m'mphepete mwa manda, poti palibe mayi amene anafuna kukaonetsa nkhope yake. Mnyamata wina atavundukula anatsonya, n'kuponya khasu pansi. Anzake anayamba kuvala malaya. Ndinagwada. Ndiye mkulu wawo, bambo wa imvi amene anali m'dzenje, anakwera, nasamba m'manja, natema mbamu imodzi. Anainunkhiza nthawi yaitali asanadye. Atameza anayang'ana kumitengo.

"Izi tinkadya kuthengo nthawi ya nkhondo," anatero. "Koma ife sitinkadziwa zokazinga. Ana anga awiri akanapeza zotere, bwenzi alipo."

Sanalamule munthu. Anangopitiriza kudya, ndipo anyamata aja anakhala pansi mmodzimmodzi. Ndinalira pomwepo, kulira kumene kunandikanika usiku wonse.

Tinanyamuka ndi maliro dzuwa lili pamutu, koma silinkaoneka. Onyamula bokosi ankanong'onezana kuti lapepuka ngati mulibe munthu. Kwaya inkaimba kutsogolo, ife akumbuyo osaiona, tikungotsatira mawu pakati pa minda ya fodya yokololedwa. Akatekista anapemphera mwachidule chifukwa cha kuzizira. Dothi loyamba litagunda bokosi, mayi wamagalasi uja anandigwira mkono, ndipo sanandisiye mpaka tinabwerera.

Anthu anadya onse, ngakhale amtauni aja. Miphika anaipala mpaka agalu anasowa chonyambita.

Madzulo anthu anabalalika, panyumba panati zii. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti ineyo sindinalawe kanthu. Ndinalowa kuchipinda chimene ndinatsekera mpunga, kiyi wake ali pa kapulana yanga chimangire. Pamkeka panali mbale yovindikira, ya madeya ndi chigwada, yofundabe. Inali yogawidwa pakati ndi chala, mbali ina yaikulu, ina yaing'ono, monga ankachitira mana tili ana, akamandinamiza kuti iwo sakumva njala.

Sindinaitane munthu. Ndinakhala pansi n'kudya mbali yaikuluyo. Yaing'onoyo ndinawasiyira.