Moto wa M'thupi M'shedi ya Fodya

Ntchito yosankha fodya ndinaipeza pamaliro a amuna anga, cha m'ma 1980. Pakati pa odzapepesa panali a Mbewe, amene ankaimba kwaya limodzi ndi malemuwo kutchalitchi kwathu, kufupi ndi Kamwendo. Iwo anali kapitao pa esiteti ina ya fodya wa bale. Potsanzika anati, "Mayi Nabanda, misozi ikauma mubwere. Manja okulira m'fodya sitiwabweza." Ndinali nditayandikira zaka makumi asanu, ana awiri akadali pasukulu, ndipo chibadwire ndinali ndisanalembedwepo ntchito.

Fodya akauma m'chigafa, anyamata ankamutsitsa m'mawa kukadali chinyezi kuti masamba asafumbutuke. Ife amayi tinkakhala pamabenchi m'shedi ya malata, tebulo lalitali lili patsogolo. Tsamba lililonse umalitambasula n'kuona mtundu, utali ndi kukhuthala kwake. Lopepuka la m'munsi lili ndi mulu wake, lapakati wake, lofiirira lakunsonga wake, long'ambika pambali. Masamba ofanana umawamanga ndindi, ndindizo amaziyala m'bokosi, kuzidinda ndi jeke, n'kusoka belo ndi chiguduli. A Mbewe ankakonda kunena kuti, "Belo losakaniza limabwezedwa ku okushoni, ndipo pobwerapo limafuna mwini wake."

Nyengo zoyamba ndinagwira bwino, moti atsikana atsopano ankawakhazika pafupi nane. Kenako thupi linanditembenukira. Kumwezi kunayamba kudumphadumpha, nthawi zina zii, kenako n'kubwera mosefukira popanda chenjezo. Choposa apo chinali moto. Unkayambira pachifuwa, kukwera khosi mpaka kumaso. M'mwezi wa Juni, anzanga atavala majuzi n'kumapuma nthunzi, ine thukuta lili kamukamu, kudonthera pamasamba. Tulo tinathawa. Masana ndinkagwira tsamba n'kuiwala mulu umene ndimafuna kuliika. Ndinamwa mankhwala a malungo a pagolosale, koma ayi ndithu.

Mayi wina wa geni, amene ankadutsa malire kukaoda zitenje ku Chipata, anandipatsa timapiritsi tokulunga m'nyuzipepala. "Kuja azimayi a msinkhu wanu apolera tomweti," anatero. Ndinatimangirira pamfundo ya chitenje, kumwa ndikuopa, kutaya ndikukana.

Tsiku loipalo kunabwera bwana wa esiteti kudzayendera mabelo lole isananyamule. Anang'amba chiguduli cha belo limodzi, n'kusolola ndindi. Lofiirira ndi lopepuka zinali pamodzi. Anasololanso ina, chimodzimodzi. Anangoyang'ana a Mbewe n'kutuluka. Belolo linali la fodya wa patebulo langa.

"Mayi Nabanda, taimirirani," anatero a Mbewe.

Sindikanatha. Pomwepo n'kuti nditangomva kuti zakumwezi zija zabwera, ndipo benchi lanyowa. Motonso unali utandigwira. Ndinangoti zyoli.

"Ndati imirirani! Taonani maso ofiirawo, thukutalo. Kodi mwayamba kachasu? Mayi wa mvano ngati inu?"

Anyamata a pajeke anasiya kupukusa. Mawu a kachasuwo anandilasa kuposa manyazi, ndipo ndinagwira tebulo n'kudzuka. Ndisanawongoke, mayi Nankhoma, achikulire amene ankakhala kumanja kwanga, anali atamasula kale chitenje chawo chapamwamba n'kundikulunga nacho m'chiuno.

"Akapitao, tembenukani muone mabelo anu," anatero. "Izi ndi za amayi."

A Mbewe anatembenukadi. Ali chifulatire anati, "Pitani kunyumba. Mukapeza bwino tidzaona ngati malo adakalipo."

Mayi Nankhoma anandiperekeza mpaka kumsewu. "Ndi kukula kumeneku, mwanawe. Tonse tinadutsamo. Umangoluma mano." Ndinawathokoza, koma mumtima ndinakana. Mano ndinali nditaluma kale chaka chathunthu, ndipo ndi zimenezo zinandifikitsa pamenepa. Ndinkafuna kudziwa chimene chikundidya.

M'mawa mwake ndinaonetsa khadi la chipani kwa anyamata a pasiteji ya Kamwendo, n'kukwera basi yopita kuchipatala cha mishoni. Ndinapeza anamwino a msinkhu wanga, mayi Gondwe, ochokera kumpoto. Ndinawamasulira mfundo ya timapiritsi ija. Anatembenuza timapiritsito ndi chala. "Tilibe dzina, tilibe botolo. Ngakhale ine sindingadziwe kuti ndi chiyani. Musamwe." Kenako anakoka mpando, n'kundifotokozera ngati mnzawo. Anati thupi la mayi likamasiya kusamba limachepetsa timadzi tina totchedwa mahomoni, ndipo moto, kusowa tulo ndi kuiwalaiwala zimachokera pamenepo. Sikunali kulodzedwa, sinalinso misala. Ndinalira chifukwa cha kupepukidwa.

Adokotala anandiyeza chiberekero chifukwa cha kutaya magazi kwambiri kuja, napeza kuti mulibe choopsa, koma magazi anali atachepa. Anandiuza kuti alipo mapiritsi obwezera mahomoniwo, amene akanandilembera kuti ndikapeze ku Lilongwe, n'kumabweranso kudzayezedwa. Atatero anafunsa za matenda a kumtundu kwathu. Ndinawauza za achemwali anga aakulu, amene anamwalira ndi chotupa cha m'bere.

Anaika cholembera pansi. "Mapiritsiwa angakuthandizeni kwambiri pa moto ndi tulo. Koma ndi zimene mwanenazi, sindingakuuzeni kuti alibe chiopsezo. Kaganizeni. Thupi ndi lanu."

Pakhonde ndinafunsa mayi Gondwe kuti iwo akanatani. "Ine ndimamwa," anandiyankha. "Popanda amenewa sindikanatha kuima muwodi. Koma ine sindinaike mchemwali m'manda ndi nthenda imeneyo. Musatengere ine."

Sabata imeneyo ndinaganiza mpaka mutu kuwawa. Tulo ndinkatifuna ngati madzi. Koma bala la achemwali anga ndinkalitsuka ndine, ndipo fungo lake ndinali ndisanaliiwale. Ana anga anali atataya kale bambo. Ndinabwerera kuchipatala n'kunena kuti, "Pakali pano ayi. Mundipatse owonjezera magazi okha. Zikandikulira ndidzabwera, ndipo sindidzachita manyazi kusintha maganizo." Adokotala anavomera, n'kundiuza kuti kutaya kuja kukapitirira ndisachedwe kunyumba.

Chotsala chinali a Mbewe. Ndinawapeza pasikelo, ndipo sindinazungulire. Ndinati ndikusiya kusamba, moto umandigwira mwadzidzidzi, ndipo ukandigwira maso sasiyanitsa mitundu ya fodya. Ndinapempha kuti ndizikhala pakhomo pa shedi pamene pamapita mphepo ndi kuwala, ndizituluka osayamba ndapempha, ndipo ndindi zanga azizionanso mayi Nankhoma zisanalowe m'bokosi.

Anavula chipewa n'kumachipotokola, maso ali pansi. "Mayi, zimenezi munthu wamwamuna sauzidwa."

"N'chifukwa chake munati ndi kachasu," ndinatero.

Anavalanso chipewa chija. "Pamenepo ndinalakwa. Benchi lanu tilisuntha."

Sindinama kuti zonse zinatha pomwepo. Motowo unandizunza zaka zingapo, ndipo masiku ena ndinkasirira mayi Gondwe ndi mapiritsi awo. Koma ndinaphunzira kuyenda nawo. Ukayamba, ndinkaika tsamba pansi, kupukuta manja, kumwa madzi a m'botolo, n'kudikira kuti udutse. Tsamba silithawa. Belo langa silinabwezedwenso, ndipo ana onse awiri anamaliza sukulu ine ndili pakhomo pa shedi pomwepo.

Patapita nthawi, amayi ena a m'shedimo anayamba kumandinong'oneza kuti nawonso zawayamba. Sindinkawauza kuti amwe kapena asamwe. Ndinkati apite akayezedwe, afunse mpaka amvetse, asankhe okha, ndipo akabwerako anene poyera chimene chikuwachitikira. Ine ndinaona ndi maso anga kuti ukabisa chimene chikukudya, anthu amachipatsa dzina lawo, ndipo dzinalo limapweteka kuposa nthenda yeniyeniyo.