Mabowo Amene Zerai Anatseka

Tsiku limene khoma la mlatho linagumuka, Zerai anaima m'chigwa matope akumulekeza m'mawondo, akuyang'ana miyala yosemedwa ili mbwee pansi. Mlathowo, womangidwa m'nthawi ya atsamunda a Chitaliyana, ndi wa miyala yokhayokha, wa zipata zisanu zokhota ngati uta, ndipo unapirira mabomba nkhondo yonse ija. Unadzagonja m'manja mwa munthu amene ankati akuuchiritsa.

Nkhondo itatha, dziko linaganiza zodzutsa njanji yotsika ku Asmara kupita ku Massawa, ndipo Zerai, msilikali wopuma wopanda luso lina m'manja, analembedwa m'gulu lokonza milatho. Kwathu kuno khoma lililonse lili ndi zipsera za zipolopolo, choncho munthu ukaona bowo sufunsanso. Zerai anaona mabowo ali ndandanda m'munsi mwa khoma, n'kuwamata onse ndi simenti, mosalala bwino, mpaka kudzitama. Sanadziwe kuti omanga anawasiya dala kuti madzi a mvula olowa m'kati mwa mlatho azitulukirapo. Mvula itabwera madzi anasowa njira, khoma linatupa, kenako linalavula miyala.

"Adokotala," anatero kapitawo pamaso pa gulu lonse, "ndi mfuti yanji imene imabaya pamzere, motalikirana mofanana chonchi? Tulani hamalayo muzipita."

Dzinalo linamukakamira. Anayamba kugulitsa beles, zipatso zaminga zija, m'mbali mwa msewu, ndipo anzake akale podutsa ankakuwa kuti, "Adokotala a mlatho, wodwala wanu wagona bwanji?" Iye ankangoweramira chidebe chake.

Koma chimene chinkamudya mumtima sikunali kusekedwako. Bambo ake, a Ogbazghi, anakalambira pa milatho yomweyi, akusema ndi kusamalira miyala. Zerai ali mnyamata iwo anayesa kumupatsa tchizulo, iye n'kuyankha mwamwano kuti sangathere moyo wake akupukuta mlatho wa Mtaliyana, ndipo anapita kunkhondo. Pamene ankabwerako n'kuti maso a bambowo atachita khungu. Chinthu chimene chinamuchotsa ntchito akanachimva kwaulere pakhonde la kwawo.

Anazengereza mpaka beles anatha m'mapiri. Kenako anapita, ndipo anapeza mayi ake akukazinga khofi, bambo ali chikhalire pafupi ndi utsi.

"Ndamva kuti unachiritsa mlatho mpaka unafa," anatero a Ogbazghi.

"Bambo, ndiphunzitseni."

"Ndikuphunzitse za mlatho wa Mtaliyana uja?" Anaseka pang'ono, kenako nkhope inauma. "Mtaliyana anabwera ndi pepala ndi chikoti basi. Msana umene unanyamula miyala imeneyo ndi wa agogo ako. Tabweretsa dzanjalo." Analisisita chikhathocho nthawi yaitali. "Manja a mfuti awa. Chabwino, tiona."

Sukulu inayambika kuseri kwa nyumba. Anakumba dzenje, kuviika laimu womatira miyala m'madzi, n'kumusiya kuti akhwime. Anaphunzira kuti chomatira chiyenera kukhala chofewa kuposa mwala, kuti khoma lizipuma, pamene simenti amalitsamwitsa. Anaphunzira kugogoda mwala ndi kumva ngati uli ndi mng'alu m'kati. Akamanga kakhoma, bambo ankakafufuza ndi zala, n'kungoti, "Gumula." Zerai anagumula makoma ambiri kuposa amene anagumula kunkhondo, ndipo kangapo anaponya tchizulo kutali, n'kukaitolanso yekha.

Kenako anayamba kutsikira kuchigwa kuja popanda womutuma kapena womulipira. Anafukula miyala yogwa ija m'matope umodzi umodzi, kuitsuka, ndi kuiyala pansi monga mmene inakhalira pakhoma, uliwonse pafupi ndi mnzake wakale. Kapitawo anabwera, anazungulira ntchitoyo kawiri, n'kukanda mutu.

"Adokotala, mwakaphunzira kuti zimenezi?"

"Kumene ndinayenera kuyambira, bwana."

"Mawa mubwere. Koma simenti yanuyo mugobe nokha."

Anagobadi yekha, bowo ndi bowo, anzake akumuyang'ana. Litatseguka loyamba munatuluka madzi akuda onunkha, ndipo iye sanasunthe, anawalola amunyowetse mapazi.

Madzulo aliwonse bambo ankafunsa kuti khoma lafika pati. Tsiku lina anati, "Undikweze pabulu, ndikaligwire ndekha."

"Dikirani pang'ono, bambo, ndimalize kaye. Sindikufuna mukapeze manyazi anga ali poyera."

"Iwe, ine maso ndilibe, manyazi akowo ndikawaona ndi chiyani?"

Onse anaseka, mayi nawonso, ndipo nkhani inathera pomwepo. Bambo anapemphanso khoma litafika pakati, anapemphanso litatsala pang'ono. Yankho linali lomwe lija. Zerai ankafuna tsiku limodzi lalikulu, loti adzawagwire dzanja, adzawayendetse kuyambira mwala wapansi mpaka wapamwamba, ndipo iwo asadzapeze ponena kuti gumula.

A Ogbazghi anamwalira kutatsala mzere umodzi wa miyala. Bulu analipo, ndipo njira yake si yaitali.

Zerai anamaliza khomalo patapita masiku ochepa chiikireni maliro. Sitima yoyamba itawoloka, ikufuka utsi, azimayi akululutira m'mapiri, iye anali pansi pa chipata chachitatu, atatsamiza mphumi pamwala, akulira ngati mwana.

Lero ndiye mkulu wa amisiri a miyala kuchigwa chimenecho. Mlathowo unaikidwa m'gulu la zinthu zakale zotetezedwa, ndipo palibe angaukhudze ndi tchizulo iye asanavomere. Amene ankamuseka aja amabwera kudzamufunsa nzeru, ndipo dzina loti adokotala tsopano amalitchula atavula chipewa. Anthu akamamuyamikira amagwedeza mutu mwaulemu, koma mumtima sizimukomera kwenikweni.

"Aliyense waligwira khoma limeneli," amatero, "azungu ojambula zithunzi, abusa a mbuzi, aliyense. Kupatula munthu mmodzi amene anapempha."

Inu amene mukuwerenga muli pansi, mwina mwagwetsa chinthu ndi manja anu omwe ndipo anthu akupatsani kale dzina, osataya mtima. Tsikirani m'matopemo mukatole miyala yanu, pakuti chogumuka chimamangikanso. Koma ngati kunyumba kuli wokalamba amene akupempha kuti aone ntchito yanu ikadali pakati, yokhotakhota choncho, musamuuze kuti adikire. Mukwezeni pabulu lero lomwe, mupite naye.