Kabichi Wowawasa wa Agogo a Lufeyo

Ndikakumbukira agogo a Lufeyo, mphuno zanga ndi zimene zimayamba kudzuka. Ndimamva fungo la kabichi wowawasa lomwe linkachokera mumtsuko wawo kuseri kwa chigafa cha fodya, fungo loti ngakhale agalu ankalambalala. Ankadula kabichi timizere ting'onoting'ono, kuthira mchere, kufinya ndi zibakera mpaka madzi atatuluka, kenako kutsendereza ndi mwala wa kudambo n'kumusiya masabata angapo. Agogo aakazi analumbira kuti mtsukowo sudzalowa m'nyumba iwo ali moyo.

Agogo a Lufeyo ankati luso limeneli analitenga ku Chipata pa nkhondo yachiwiri ija, kukadali kutchedwa Foti Jemusoni. Anali mnyamata wotema nkhuni pamsasa wa azungu a ku Polandi, ambiri amayi ndi ana.

"Azungu oonda, iwe, ovala zigamba, otola nyenyeswa za buledi n'kubisa m'malaya," ankatero akufinya kabichi. "Arasha anawatulutsa m'nyumba zawo, kuwalonga m'mabogi a sitima onyamulira ng'ombe, kukawataya kudziko lozizira koti malovu amauma asanagwe pansi. Ndipo sizinayambire pamenepo. Mayi amene anandiphunzitsa kabichiyu ankati agogo ake ankakwapulidwa kusukulu chifukwa cholankhula chinenero chawo. Dziko lawo lomwe linafufutidwa pamapu."

Kubawo pamsika anthu ankafa nalo phwete. A Sikelo, okonza mawailesi, ndiwo ankatsogolera. "Mzungu kutola nyenyeswa? Mzungu kuzunzidwa ndi mzungu mnzake? A Lufeyo, kabichi uja wakukwerani kumutu." Dzina loti Namabodza linawamatirira mpaka kutchalitchi. Tsiku lina mwana wa a Sikelo ananditcha mdzukulu wa Namabodza pabwalo la sukulu, ine ndinamugulula dzino. Aphunzitsi anati ndipepese pamaso pa onse. Ndinanyamula kajumbo kanga ka makope, ulendo, ndipo sitandade seveni inathera pomwepo.

Titangovotera zipani zambiri, kumishoni kunabwera wansembe watsopano, wamtali, wofiira makutu. Nditamva kuti ndi wa ku Polandi ndinathamanga osapuma mpaka kumunda.

"Agogo, Lamulungu tikupita nawo mtsuko uja."

Agogo, amene sankaopa munthu, anatsamira khasu. "Nanga akakati sakuzidziwa? Zaka zapita zambiri, mdzukulu wanga. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati sindinasakanize ndi maloto."

"Ndiye kuti dzino lija ndinaligululira ulele?"

Anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka kutsokomola. "Chimutu iwe. Kapope njinga."

Chimene sindinawauze n'chakuti ndinali nditalengeza kale kubawo. Lamulungu ndinapalasa ngati ndikuthawa njuchi, agogo ali pakaliyala atakumbatira mtsuko, madzi ake akundikhavukira pamsana pabampu paliponse. Misa itatha tinapeza a Sikelo ndi gulu lawo aima pansi pa mtengo wa mango, mano ali panja kudikira.

Agogo anagwada pamaso pa wansembe uja n'kuchotsa mwala. Azimayi anatseka mphuno ndi zitenje. Bambo mfumu anawerama, ananunkhiza, n'kutsinzina. Kenako anapisa zala mumtsuko, n'kudya, n'kupisanso.

"Agogo," anatero m'Chichewa chawo chotsimphina, "chakudya cha amayi anga mwachitenga kuti?"

Agogo anafotokoza zonse, mabogi, kuzizira, nyenyeswa. Bambo mfumu anakhala pansi pamasitepe, mkanjo wawo woyera uli m'fumbi.

"N'zoona," anatero mokweza kuti onse amve. "Agogo anga aamuna anakwezedwa m'bogi yotero. Sanabwerenso. Ndipo si ife tokha. A ku Yukireni, a ku Lituwaniya, mitundu ina ing'onoing'ono, ena analetsedwa mabuku m'chinenero chawo, ena anasamutsidwa mudzi wonse."

Ine ndinadumpha, ndinaliza belu la njinga mpaka chala chinapweteka. Agogo anadzuka pang'onopang'ono, anatapa kabichi kudzaza dzanja, n'kulunjika pansi pa mango paja.

"A Sikelo, talawani."

A Sikelo anayang'ana uku ndi uku, koma anzawo anali atabwerera kale m'mbuyo. Anaika m'kamwa, misozi inalengeza.

"Akuwawasa, a Lufeyo."

"Mezani, achimwene. Ine ndameza zanu zaka zonsezi."

Lero ndimapalasa kabaza kuboda, ndipo ukali sunandithere. Ndimanyamula anthu ochokera kutali, ena opanda ngakhale chikwama, ndipo akayamba kusimba mmene anawathamangitsira kwawo, anzanga pasiteji amatsinzinirana kuti awa akufuna chisoni chabe. Pamenepo ndimaimika njinga bwinobwino n'kufunsa kuti akuseka ndani. Amandidziwa. Munthu uja amamaliza nkhani yake.