Fayilo ya malemu aSakala

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mayi anga, omwe mpaka lero kompyuta amaitcha TV yolembera. Nditamaliza kakosi ka makompyuta ku Chipata ndinabwerera ku Katete, n'kukhala pakhomo nthawi yaitali moti galu wathu anatula pansi udindo wolondera n'kundisiyira ine. Izi ndi zoona. Akanakhala moyo galuyo akanachitira umboni. Tsiku lina potuluka m'tchalitchi mayi anauza mnzawo wa m'kwaya, Amayi Tembo, kuti mwana wawo amadziwa intaneti yonse kuyambira kumutu mpaka kumchira. Amayi Tembo anali mlembi wa bungwe lina la alimi a mtedza. Ofesi inali kuseri kwa msika wa Katete, koma alimi ambiri ndi shedi yosungira mtedza zinali ku Vubwi. Lolemba lotsatira ndinayamba ntchito.

Mu ofesimo munali kompyuta imodzi. Ikayatsidwa inkalira ngati chigayo, ndipo ndikulumbira kuti mayi wina anafikapo pakhomo ndi dengu la chimanga pamutu kufunsa mtengo. Intaneti tinkaipeza ndi kadongo, kachipangizo kokoka netiweki, komangirira kunsonga ya nsungwi yotulukira pazenera. Mphepo ikatembenuka, netiweki nayo inkatembenuka.

Webusaiti ya bungweli anaimanga aSakala, mphunzitsi wopuma yemwe anadziphunzitsa yekha HTML m'buku lopanda chikuto. Anamwalira ine ndisanafike, maliro awo anali asanazizire.

Kwa osadziwa ntchitoyi: tsamba la pa intaneti ndi mawu wamba okutidwa ndi timatagi. Ndime umaitsegula ndi <p> n'kuitseka ndi </p>. HTML yakale ndi yachifundo. Ukaiwala kutseka, burawuza, pulogalamu yoonera masamba, imangoganiza zomwe umafuna n'kuonetsa tsamba. XHTML ilibe chifundo chotero. Tagi iliyonse itsekedwe, ilembedwe m'zilembo zazing'ono, ngakhale 
 <br> yosauka yodulira mzere ikhale <br /> 
. Ndipo seva, kompyuta yosunga webusaiti, ikauza burawuza kuti tsamba ili ndi XHTML yeniyeni, cholakwika chimodzi chokha chimakwanira: burawuza imakana tsamba lonse.

Tcheyamani wathu, aMbewe, anapita kumsonkhano wina ku Chipata komwe mnyamata wa tayi anawauza kuti HTML yatha, tsogolo ndi XHTML. Anabwerako nkhope ikuwala. Komiti inakhala pansi, inapemphera, inavota. Ntchito yanga inali kusamutsa masamba onse.

Ndinkatsitsa tsamba kuchoka pa seva ndi pulogalamu ya FTP, kulidutsitsa mu pulogalamu ya Tidy yomwe imawongola matagi, kenako kukonza pamanja mu Notepad zomwe Tidy yalephera. Ndikasintha mzere wapamwamba wa doctype, wonena mtundu wa tsamba, ndinkalipereka kwa valideta, choyesera masamba cha pa intaneti chomwe chimaonetsa kufiira ukalakwa ndi kubiriwira ukakhoza. Tsamba loyamba linatulutsa zolakwika zochuluka kuposa anthu a pa mwambo wa Kulamba. Sindikuwonjezera, mwina ndachepetsa. Komabe pang'onopang'ono masamba anayamba kubiriwira: la mitengo, la zithunzi za mtedza wosankhidwa, la mbiri ya bungwe.

Panatsala fayilo imodzi, mutu.html. Seva inkaimata pamwamba pa tsamba lililonse. Munali moni wa aSakala kwa alendo, vesi lawo lapamtima, ndi dzina la bungwe m'zilembo zofiira zoyenda kuchoka kumanja kupita kumanzere ngati nyerere zasamuka. Matagi onse anali m'zilembo zazikulu, <FONT> pamwamba pa <FONT>, osatsekedwa ndi imodzi yomwe. Nditangoitsegula, Amayi Tembo anandigwira pamkono.

"Iyo ayi, mwana wanga. Katundu wa malemu sanagawidwe."

Ndinaseka, ndikuganiza kuti akuseka. Sankaseka. Atsibweni a malemu, omwe ndiwo anayenera kukhazika banja pansi ndi kugawa za womwalira, anali kutsidya ku Mozambique ndipo anali asanabwere. Mpaka atabwera, njinga ya aSakala, jekete lawo, mabuku awo, zonse zinayenera kukhala momwe anazisiyira. Komiti inagwirizana kuti fayilo iyi, poti anailemba ndi manja awo kunyumba kwawo ndipo munali mawu awo, inali m'gulu lomwelo.

Ndinati ndikopere, ndikonze kopeyo, yawoyo ndiisunge pambali.

"Ndiye kuti wawachotsa pakhomo n'kuikapo wofanana nawo," anatero. "Akazi awo akamva uwauza chiyani?"

Nthawi imeneyo shedi ya ku Vubwi inali yodzaza mtedza wa chaka chonse. Kampani ina ya ku Lusaka inali itatiuza kuti Lachisanu ikhala pansi, ione mawebusaiti a mabungwe angapo a alimi kuno kum'mawa, isankhe kotumiza lole. Mitambo ya mvula yoyamba inali itayamba kusonkhana, ndipo denga la shedi lija linali ndi mabowo oti munthu n'kuwerengera nyenyezi. Mtedza ukanyowa umachita chuku, ndipo wachuku palibe kampani imaugula. Aliyense m'bungwemo ankadziwa kuti lole ija ikapita kwina, alimi alira.

Lachisanu m'mawa aMbewe analowa atavala kale chipewa cha njinga yamoto. Anafuna kuti a ku Lusaka akapeze webusaiti ya XHTML yeniyeni. Chotsala chinali mzere umodzi mu fayilo ya .htaccess, wouza seva kuti masamba aziperekedwa ngati XHTML. Ndinawafotokozera kuti mutu.html isanakonzedwe, mzere umenewo ugwetsa zonse.

"Iwe, aSakala anamanga chinthuchi okha," anatero. "Angachigwetse bwanji ali kumanda? Tumiza. Komiti inavota."

Ndinatumiza pamodzi ndi masamba onse atsopano. Mafayilo ankakwawa pa nsungwi paja pang'onopang'ono moti nkhuku ya eni nyumba inaikira dzira pawindo, n'kulifungatira, ife tikudikira. AMbewe sanadikire, anakwera njinga kupita ku Vubwi kukakonzetsa matumba.

Itamaliza, ndinatsegula burawuza. Tsamba lonse linali lachikasu, pamwamba pali timawu tofiira tonena kuti tagi ya pamzere wakuti sinatsekedwe. Ndinatsegula la mitengo: chikasu. La zithunzi: chikasu. Mtedza wathu wonse, wosankhidwa ndi manja a amayi a ku Vubwi, unali kuseri kwa chikasu chimenecho.

Njira zinali ziwiri, zonse zosatenga nthawi yophika tiyi. Kutseka matagi a malemu, kapena kufufuta mzere wa komiti. Amayi Tembo anakana zonse. Za malemu sizikhudzidwa. Za komiti amasintha ndi tcheyamani. Tinaimbira aMbewe. Koma ku Vubwi foni imadzuka ili ku Zambia, masana ili ku Malawi, madzulo ikuyankhula Chipwitikizi. Sinalowe.

Ndinabwereka njinga n'kupalasa kupita kumbali ya Mkaika, kwa akazi a malemu, aNaphiri. Ndinawapeza pamphasa, atavala zakuda. Ndinakhala pansi, tinalonjerana, ndinapepesa maliro monga mwa mwambo, maganizo ali pa mawotchi a ku Lusaka. Kenako ndinafotokoza.

Anandimvetsera mpaka kumapeto. "Mwana wanga, nsapato zawo zili pomwe anazivulira. Ndikamasesa ndimazizungulira. Ndiye ndikuuze iwe kuti ukagwire zolemba zawo?"

"Sindisintha liwu ndi limodzi lomwe, amayi. Moni ukhala womwewo, vesi lomwelo."

"Ndakumva. Koma mwini nkhani si ine. Ine ndine mkazi chabe pano, abale awo akundiyang'ana. Ndikalola ichi, mawa ati ndinagulitsanso njinga. Dikira atsibweni awo."

Sindikanawaumiriza. Mayi uja anali ndi milandu yake yomudikira yoposa yanga.

Ndinabwerera dzuwa litapendeka, malaya ali chonyowa. Amayi Tembo anali pomwe ndinawasiya, akuyang'ana chikasu chija ngati chingachite manyazi n'kuchoka chokha. Ndinawauza za aNaphiri. Anapumira m'mwamba.

"Fufuta za komiti," anatero. "A komiti ndi amoyo, tikawapepesa. Malemu tingawapepese kuti?"

Ndinachotsa mzere uja, n'kutumiza. Webusaiti inabwerera yonse, zilembo zofiira za aSakala zikuyenda pamwamba ngati palibe chachitika. HTML yachifundo ija inawalandira momwe analiri.

Foni ya mu ofesi inalira tisanamalize kumwetulira. Anali mayi wa ku kampani ija. Anati anatsegula tsamba lathu m'mawa pamsonkhano, kangapo konse, n'kuganiza kuti bungwe linatha. "Pepani, lole tapereka kwa anzanu a ku Sinda."

Mvula inagwa sabata yotsatira. Matumba apamwamba anachita chuku. Otsala anagulidwa ndi mavenda oyenda ndi sikelo zawozawo, pamtengo womwe sindingaulembe pano chifukwa pepala lingachite manyazi. Apa sindikuseka. Mayi wina wa ku Vubwi, yemwe ana ake anayenera kupita kusukulu ndi mtedza umenewo, anabwera ku ofesi kuti aone chinthu chomwe chinathamangitsa lole. Ndinalibe chomuonetsa, tsamba linali bwinobwino. Analiyang'ana, anandiyang'ana, n'kutuluka osatsazika.

Komiti inakhalanso pansi. Palibe anadzudzula malemu, palibe anadzudzula tcheyamani poyera, ndipo ine anandisiya pantchito poti panalibe wina wodziwa kumangirira nsungwi. Ndinapempha kuti tisiye XHTML, tiike <!DOCTYPE html> wamba pamwamba pa masamba. Anavota osafunsa tanthauzo lake. Atsibweni aja anafika mvula ili mkati, banja linakhala pansi, ndipo fayilo inaperekedwa kubungwe pamodzi ndi buku lopanda chikuto. Ndinatseka matagi onse a aSakala tiyi wanga asanazizire.

Papita zaka, ndamanga masamba a masukulu, a mashopu, a mipingo. Achinyamata akandifunsa kuti mwa mitundu yonseyi ya HTML wabwino ndi uti, amayembekeza kuti nditchule dzina. Ine ndimawauza kuti asanatsegule Notepad akhale kaye pansi ndi eni webusaiti, afunse kuti masambawa analemba ndani, adzawalemba ndani mawa, ndipo ndi ati omwe saloledwa kugwiridwa. Lamulo lokhwima ndi labwino ngati zonse zili m'manja mwako. Ngati zina zili m'manja mwa anthu ena, amoyo kapena ayi, sankha lomwe likapeza cholakwika limaonetsabe mtedza.